Injini Ziwiri pa Damu la a Sebastião

Kuno ku Angónia madzi timawadziwira m'mitsuko, m'zitsime ndi m'timitsinje tomwe mwana amalumpha atasenza nkhuni. Ndiye tsiku lomwe lole idakwera chitunda cha kumtunda kwa Lifidzi itanyamula boti loyera mbee, anthu adasiya kuzula nyemba n'kukaima m'mbali mwa msewu. Wina adati ndi chomwera ng'ombe cha azungu. Mayi wina adati ndi bokosi la maliro a munthu wolemera, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Chidali chaka cha 1972, chimanga chitauma m'minda, mphepo yozizira itayamba kung'amba milomo.

Mwini boti adali a Sebastião, Mpwitikizi wolima kachewere. Munthuyu adatseka kamtsinje ndi dothi kuti azithirira mbewu m'chilimwe, madzi n'kusonkhana, iye n'kumawatcha nyanja yake. Mwamuna wamphamvu ankatha kuponya mwala tsidya lino n'kukagwera tsidya linalo. Ng'ombe zinkawoloka pakati penipeni misana ili youma. Koma mwini chuma satsutsidwa pakhomo pake, ndipo antchito onse akamalankhula naye ankati nyanja.

Pakati pa antchitowo padali Caetano, wokonza ngolo ndi makasu a ng'ombe. Adali wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, wamanja aakulu, wosalankhulalankhula, mtundu wa anthu aja amene akaona chitseko cha eni chikulira amafuna kuchikonza asadapereke moni. Adakwatira chaka chapitacho m'mudzi woyandikana ndi famuyo, ndipo mkazi wake Violeta adali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Caetano sankagona tulo tabwino. Dzina lake lidali litalembedwa ku Ulongwe, komwe masiku amenewo ankati Vila Coutinho, pamodzi ndi mayina a anyamata oyenera kupita ku usilikali. Ku usilikaliko anthu ankangoti ku tropa. Nkhondo idali itatentha kumunsi, cha ku Zambezi, ndipo mwa anyamata anayi a m'mudzi mwa Violeta amene adatengedwa, adabwerako mmodzi, wopanda phazi.

Njira yopulumukira idalipo, ndipo aliyense ankaidziwa. Famu ya a Sebastião inkagulitsa kachewere kwa asilikali. Mwini famu akalemba pepala loti munthu uyu ntchito singayende popanda iye, dzina linkadumphidwa. Woyendetsa thirakitala adapulumuka choncho. Caetano adali atapempha kawiri, chipewa chili m'manja, ndipo kawiri konse adauzidwa kuti tiona.

Mmawa mwake boti litafika, a Sebastião adamuitana ku shedi. Kumbuyo kwa boti kudali injini yaikulu yakuda, yokolekedwa pa thabwa lochindikala, mapiko ake opalasira madzi ali lende m'munsi. Pansi padali bokosi, ndipo m'bokosimo mudali injini ina yofanana nayo koma yaing'ono, yoti munthu n'kuinyamula ngati mbuzi.

"Iwe Caetano, waona motoro uyu?" adatero a Sebastião m'Chinyanja chawo chopindika. "Wamkulu alipo kale. Wamng'ono akhale pambali pake. Ine ndikhota chiwongolero, onse awiri akhota. Wamkulu afa pakati pa nyanja, wamng'ono atipulumutsa. Wamva?"

Caetano adasuzumira pakhomo la shedi. Pakati pa nyanjayo padali pataima thole, likubzikula, madzi akulekeza m'mawondo. Funso lidafika pakhosi, koma adalimeza.

"Ndamva, patarau," adayankha, pakuti ndimo antchito ankatchulira bwana pa famupo.

"Tsiku la São João kubwera alendo. Kubwera Tenenti, mkulu wa asilikali, amene agula kachewere wanga. Iwe undichotsa manyazi, ine ndilemba pepala lako. Tsiku lomwelo."

Mawu akuti tsiku lomwelo adamulowa Caetano mpaka m'mafupa. Padatsala milungu itatu.

Bokosilo lidabwera ndi kabuku ka malangizo, kolembedwa m'chinenero choti ngakhale a Sebastião adangochiyang'ana ngati nkhuku yaona ndalama. Zithunzi zokha ndizo zinkamveka. Mudalinso chitsulo chokolekapo injini yaing'onoyo, ndi ndodo yachitsulo yolumikizira injini ziwirizo kuti zizikhota pamodzi. Caetano adayesa ndodoyo ndipo idaperewera ndi chikhatho chathunthu. Wogulitsa adaika ya boti la mtundu wina, ndipo wogulitsayo adali kutali, ku Beira.

Pa famu ponse munthu mmodzi yekha ndiye adaonapo boti likuyenda. Ameneyu adali a Bartolomeu, mkulu woyendetsa ngolo, yemwe adagwirapo ntchito yokakamizidwa pa doko la ku Tete ali mnyamata. Iwowa ndi amene adaphunzitsa Caetano kusema goli. Adabwera ku shedi, n'kuzungulira boti kawiri manja ali kumbuyo.

"Ndiye akuti kakang'onoka n'kopulumutsira?" adafunsa.

"Akutero, agogo."

"Eya. Chikafa chachikuluchi pakati paja, mwina munthu n'kunyowa kabudula. Ndi ngozi ndithu." Adafwenkha fodya. "Koma tamvera, mdzukulu. Za mabawuti sindidziwa. Chomwe ndidaona ku Zambezi n'choti mapikowa akapanda kumira bwino amangomenya thovu, boti osasuntha. Ndipo usaboole pomwe madzi afika. Kwinako udziwa wekha."

Kwinako adadziwadi yekha, koma sizidabwere tsiku limodzi. Masiku awiri oyamba sadagwire chida chilichonse. Ankangokhala pa chitini, akupotokola chiwongolero uku ndi uku, n'kumaona momwe injini yaikulu inkatembenuzira mutu. A Sebastião adamupeza choncho n'kukalipa kuti akulipira munthu woyang'ana. Caetano adati inde patarau, n'kupitiriza kuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lachitatu adakankhira boti m'damu ndi anthu anayi, adakweza matumba asanu a kachewere m'malo mwa alendo, n'kulemba ndi khala pomwe madzi adalekeza. Atalitulutsa adayeza ndi ulusi kuti mapiko a kainjini adzamire pansi pa mimba ya boti, ndiponso kuti injini ziwirizo zikakhota mpaka kumapeto zisagundane mapewa. Adaboola mabowo anayi pamwamba pa mzere wa khala uja. Thabwa la boti adaliona kuti n'lofewa, loti mabawuti n'kudya, ndiye adasema chidutswa cha mlombwa n'kuchiika m'kati kuti chigwire. M'mabowo adathiramo phula la njuchi losakaniza ndi phula la pamsewu. Atamanga zonse adakolekapo kainjini, n'kukagwedeza ndi mphamvu zake zonse, ndipo boti lonse lidagwedezeka nako pamodzi.

Chidatsala chidali cholumikizira. Poyamba adachita zomwe aliyense akadachita. Adadula chitsulo chowongoka, adaboola mbali zonse, n'kumanga ndi mabawuti gwa. Adapotokola chiwongolero ndipo injini zonse zidakhota bwinobwino. Mtima udati myaa. Kenako adatukula kainjini kuti kachoke m'madzi, monga zithunzi zinkaonetsera kuti kazikhala kotukulidwa pomwe yaikulu ikugwira ntchito. Chitsulo chidalira, n'kupindika ngati uta. Akadakankha pang'ono akadathyola khutu la injini yaikulu, ndipo pepala lake likadathyokera pomwepo.

Adakhala pansi thukuta lili kamukamu, m'nyengo yozizira.

Violeta adamupeza choncho masana, atamubweretsera mbatata zophika ndi masamba a nyemba. Adayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Adagogoda mimba ya boti ndi chala ngati akuyesa dzungu.

"Ndiye chimenechi n'chomwe chakulandani nzeru, aPhiri?" adatero, pomutchula ndi mfunda wake. "Amayi akufunsa ngati mkamwini wawo adakwatira ine kapena chomwera ng'ombe. Nkhokwe ija mudati mumanga ikadali mitengo."

"Nkhokwe ndimanga, Nambewe. Lekani ndithane ndi ichi."

"Ndikudziwa." Adakhala pa bokosi, nthabwala zitamuthera. "Dzulo ndidakumana kudambo ndi make Ricardo, uja adatengedwa ku tropa. Akuti kalata yomaliza idabwera nthawi yodzala. Ine ndikuopa, aPhiri. Ndikuopa kuti mwanayu adzakudziwirani pa chithunzi cha pa chitupa."

"Pepala lilembedwa. Adanena okha."

"Achimwene akuti ku malire, pa Kalomwe, si patali. Munthu kulawira m'mawa, dzuwa lisadapendeke ali ku Dedza."

"Ndikathawa adzagwira atate anu. Ndipo inu muyenda bwanji mmene mulilimu?" Adanyema mbatata. "Manja angawa atipulumutsa. Palibe chinanso chomwe ndili nacho."

Violeta adatola mbale n'kumapita, ndipo Caetano adamuperekeza ndi maso mpaka pa mitengo ya bulugama. Kumeneko kunkadutsa a Bartolomeu ndi ngolo, akuphunzitsa ng'ombe yaing'ono pambali pa yakale. Yaing'onoyo inkadumpha, kuweramitsa mutu, kuudzutsa, koma yaikulu inkangoyenda, ndipo goli silidathyoke. Caetano adasema magoli ambiri moti chifukwa chake adachidziwa osaganiza: goli sulimanga gwa pakhosi. Umasiya mpata pakati pa zikhomo, n'kumanga ndi chingwe cha chikopa, kuti ng'ombe iliyonse izitha kugwedeza mutu wake koma njira ikhale imodzi. Adadzimenya pamphumi. Iye adamanga ng'ombe ziwiri ndi mabawuti.

Kuseri kwa shedi kudali thirakitala yakufa, yomwe nkhuku zinkaikiramo mazira. Adagwada pansi pake n'kumasula mfundo ziwiri za chiwongolero, zija zokhala ngati mutu wa fupa m'chikho chake, zotembenukira mbali iliyonse. Adazitsuka ndi palafini, adaziwotcherera kumapeto a ndodo yatsopano, imodzi uku ina uku. Mbali ya kainjini sadaikeko bawuti. Adaikako chikhomo cha gudumu la khasu la ng'ombe, choti munthu n'kuzula ndi zala ziwiri, n'kuchimangirira ndi kaunyolo kuti chisagwere m'madzi. Adapotokola chiwongolero, zonse zidakhota. Adatukula kainjini, ndodo idangopendeka mwaulemu n'kutsatira. Adakatsitsa, adakatukulanso, mwina kakhumi, akuseka yekha ngati wamisala.

A Sebastião adakondwa kwambiri mpaka adamupatsa ndudu. Koma pa nkhani ya mafuta adasiyana maganizo. Bwanayo ankafuna thanki imodzi, paipi yogawika pawiri, kuti m'boti musadzaze zitini zonyansa pamaso pa alendo.

"Pepani patarau," adatero Caetano, "kwathu munthu wa ng'ombe khumi saziika zonse m'khola limodzi. Zina amakaikiza kwa mbale wake kutsidya. Matenda akalowa kuno, kumeneko zitsala. Gazolina akaipa m'thanki imodziyo, motoro onse awiri afa limodzi."

"Gazolina wanga saipa!"

Caetano ankadziwa kuti mgolo wa mafuta udakhala panja dzinja lonse, chivundikiro chili chokhota. Sadanene. Adangoti, "Inde patarau, koma buku lija likuonetsa mathanki awiri." Buku silinkaonetsa zimenezo, koma a Sebastião sakadavomera kuti sadaliwerenge. Adalola kathanki kachiwiri, bola kabisike pansi pa mpando.

Mafuta a kathankiko Caetano adasefa yekha. Adatenga chipewa chake chaubweya, chomwe adavala tsiku la ukwati, n'kuthiramo gazolina pang'onopang'ono. Mafuta adadutsa, madzi adatsalira m'chipewa, okwana supuni zitatu. Adapempha kusefanso a thanki yaikulu, koma a Sebastião adati malita makumi awiri kudzera m'chipewa cha munthu wakuda ndi ntchito ya tsiku lonse, ndipo adathira okha kuchokera mumgolo.

Tsiku la chikondwerero cha São João kudacha ndi nkhungu, mphepo ikuwomba kuchokera kumapiri. Pofika masana magalimoto adali atandanda pabwalo. Kudabwera eni masitolo a ku Ulongwe ndi akazi awo, alimi anzawo awiri, ndi Tenenti, mnyamata wowonda wamaso otopa, amene adafika ndi lole ya asilikali yodzatenga kachewere. Adapha nkhumba ziwiri. Amayi a m'mudzi adaitanidwa kudzatunga madzi ndi kutsuka mbale, Violeta ali m'gulu lomwelo, ndipo mudzi wonse udakhala pa khoma la damu kudikira zodabwitsa.

M'boti mudalowa a Sebastião atavala chipewa choyera cha oyendetsa sitima, akazi awo Dona Carlota atavala nsapato zazitali, Tenenti, ndi mwini sitolo wina wonenepa. Caetano adauzidwa kukhala kumbuyo, pansi, pafupi ndi injini, kuti asatchinge alendo.

Injini yaikulu idalira kamodzi n'kamodzi. Boti lidanyamuka ngati lalumidwa ndi njuchi, ndipo lisadatenge n'komwe liwiro, tsidya lina lidali litafika kale. A Sebastião adakhota mwamphamvu, Dona Carlota adakuwa, mafunde adakamenya khoma n'kunyowetsa ana. Adazungulira kamodzi, kawiri, katatu, pakuti kopita kudalibe. Ulendo wachinayi, ali pakati penipeni, injini idatsokomola. Idatsokomolanso, n'kuti zii.

Kudangomveka mphepo. A Sebastião adapotokola kiyi mpaka nkhope idafiira ngati phwetekere. Mphepo idayamba kukankhira boti cha kumabango, ndipo Dona Carlota, amene adakulira m'mbali mwa nyanja yeniyeni ndipo ankadziwa kuti madzi amapha, adayamba kuitana oyera mtima mmodzimmodzi. Mwini sitolo adagwira m'mphepete mwa boti ndi manja onse. Chapafupi pomwepo, mtunda woti n'kuigwira mchira, ng'ombe ya a Bartolomeu idali itaima m'madzi, ikuwayang'ana uku ikutafuna. Pa khoma anthu adagwira pakamwa. Kuseka mzungu pamaso pa asilikali sikudali kwanzeru, ndiye ambiri adangoyamba kutsokomola.

"Caetano!" adakuwa a Sebastião.

Caetano adali atatsitsa kale kainjini. Adafinya kampira ka paipi kuti mafuta akwere, adagwira chingwe, n'kupemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene adapempherapo. Adakoka. Kainjini kadati phu, phu, kenako kadayamba kulira bwinobwino, kamawu kake kakang'ono ngati makina osokera.

"Khotani chiwongolero, patarau. Kamvera."

A Sebastião adakhota, ndodo idakankha, kainjini kadatembenuka pamodzi ndi chimkulu chake chakufacho, ndipo boti lidayenda mwaulemu mapazi makumi atatu onse mpaka kumtunda. Pa khoma padabuka nthungululu. Caetano adalizindikira liwu la Violeta pamwamba pa onse, lakuthwa, losaleka. Misozi idalengeza m'maso mwake, ndipo sadachite nayo manyazi. Adaona nkhokwe itamangidwa, adaona mwana ali pamwendo pake.

Alendo adatsika akuseka, akuuzana momwe adapulumukira. Tenenti yekha sadatsike. Adapita kumbuyo, adagwada pomwe padali Caetano, n'kuyamba kuyang'ana. Adagwira ndodo, adaigwedeza. Adazula chikhomo chija n'kuchibwezera. Adatukula kainjini, adakatsitsa. Adasuzumira pansi pa mpando n'kupeza kathanki.

"Wapanga izi ndani?" adafunsa m'Chipwitikizi.

Caetano adaphunzira zaka zitatu kwa ansembe, ndipo Chipwitikizi ankachimva ndithu ngakhale poyankha lilime linkalemera. "Ndine, bwana Tenenti."

"Udaphunzira kuti za maboti?"

"Ili ndi loyamba kuliona, bwana."

"Nanga bwanji yaing'onoyi yalira pomwe yaikulu yafa?"

Apa munthu wochenjera akadati ndi mwayi chabe. Koma Caetano adali asadafunsidwepo ndi munthu aliyense za ntchito yake mwa njira imeneyi, ndi maso ofunadi kumva. Adafotokoza zonse. Adanena za chipewa, za mathanki awiri, za mfundo za thirakitala, mpaka za goli. Adalankhula mawu ambiri kuposa amene adalankhula mwezi wonsewo, ndipo Tenenti ankangogwedeza mutu.

Kenako Tenenti adatsika n'kupita kwa a Sebastião, amene adali atanyamula kale tambula ya vinyo. Adalankhula chapansipansi, koma mphepo inkawombera kwa Caetano.

"Bwana Sebastião, ndili ndi maboti asanu ndi limodzi pa Zambezi. Injini ikafa, madzi amalitenga boti n'kukalisiya kugombe komwe akutidikira ndi mfuti. Mwezi wathawu ndataya anthu atatu choncho. Boti lanuli ndilitenga. Boma lidzakulipirani nkhondo ikatha."

Vinyo adatayikira pa nsapato. A Sebastião adayang'ana boti lawo loyera, limene adalidikira miyezi isanu ndi itatu, limene adangolikwera maulendo anayi ozungulira. Caetano adawamvera chisoni ndithu, pakuti adali munthu wotero.

"Bwana Tenenti," adatero a Sebastião, "boti limodzi likuthandizani chiyani? Muli nawo kale asanu ndi limodzi. Chomwe mukusowa si boti." Adatembenuka, n'kuloza ndi tambula. "Tengani uyo. Akupangirani zomwezi pa maboti anu onse. Ndiponso dzina lake lili kale pa mndandanda, simukulanda munthu aliyense. Ine ndivutika popanda iye, ndi wantchito wabwino, koma dziko lili pa nkhondo."

Tenenti adaganiza pang'ono. Adali munthu wanzeru, ndipo adaona kuti mlimiyo akunena zoona.

Caetano adatsika m'boti osamva kuti mapazi alowa m'madzi. Adafika pamaso pa bwana wake, adafuna kuvula chipewa, n'kukumbukira kuti adachiyanika pa shedi chifukwa cha fungo la mafuta.

"Patarau, pepala lija."

"Iwe Caetano, usandivute pamaso pa alendo. Kumeneko sukagwira mfuti, ukagwira sipanala. Ukadya bwino, ukavala nsapato. Anzako akachita nsanje." A Sebastião sadamuyang'ane kumaso. "Wachita bwino lero. Bwino kwambiri."

Tenenti ankadziwa kuti malire ali pafupi ndiponso kuti usiku ndi wautali, ndiye sadalole zoti munthuyo agone kwawo. Asilikali awiri adamuperekeza kumudzi kukatenga bulangeti. Nkhani idawatsogolera. Pofika pakhomo adapeza apongozi ake atakhala pansi pa mitengo ya nkhokwe ija. Violeta, amene adawatsatira kuchokera ku famu, adamanga bulangeti, malaya awiri ndi chimanga chokazinga m'kansalu. Manja ake ankagwira ntchito bwinobwino, koma mfundo adaimanga katatu. Pamaso pa asilikali ndi pamaso pa make, padalibe chomwe akadanena. Onse adabwerera ku famu, iye patsogolo pakati pa mfuti ziwiri, mkazi wake pambuyo, akupuma movutika pa chitunda.

Lole idali itadzaza matumba a kachewere. Caetano adakwera pamwamba pake. Pabwalo nyimbo zidali zitayambanso, nyama ya nkhumba ikununkhira. Anthu a m'mudzi adaunjikana pa geti, ndipo a Bartolomeu adavula chipewa ngati podutsa maliro. Violeta adadzipanikiza mpaka adafika pafupi ndi gudumu lakumbuyo, adakweza nkhope, ndipo Caetano adawerama kuti amuuze mawu amene adawakonza njira yonse, okhudza dzina la mwana. Dalaivala adaliza injini.

"Imani! Imani!"

Adali a Sebastião, akuthamanga kuchokera kubwalo, chipewa choyera chili m'manja, mimba ikugwedezeka. Anthu adapatuka. Caetano adaimirira pa matumba. Munthu ndi munthu ndithu, adaganiza, chikumbumtima chamuluma. Adayang'ana m'manja mwa bwanayo kuti aone pepala.

A Sebastião adafika, adagwira thabwa la lole, akupuma wefuwefu.

"Iwe Caetano, ndidaiwala. Motoro wamng'ono uja. Olyo ndizithira wochuluka bwanji mu gazolina?"

Caetano adawayang'ana. Akadatha kunena kuti musamathire n'komwe, ndipo kainjiniko kakadapsa Lamulungu lotsatira. Ganizolo lidabwera, lidakhala kanthawi, koma lidakhala ngati ganizo lomenya ng'ombe yosalakwa.

"Kapu imodzi ya khofi pa malita asanu, patarau. Muzithira olyo poyamba, gazolina pambuyo, ndipo muzikhutchumula bwino. Mukatha kuyenda muzikatukula, kasamagone m'madzi."

"Kapu imodzi, malita asanu," adabwereza a Sebastião, n'kumenya thabwa kawiri kuti dalaivala apite.

Lole idadumpha, Caetano adagwera pa matumba. Podzuka kuti afunefune Violeta, fumbi lidali litatseka geti, ndipo msewu udali utakhota kale kuseri kwa mitengo.